Chimbudzi cha Abiti Saidi

Ntchito ya madzi ndinaipeza chifukwa cha tepi. Lole ya bungwe lina lokumba zitsime inaima pa Malindi m'mawa wina, kapitawo n'kutsika kudzafuna amuna onyamula simenti. Tinafola anthu ambiri. Sanafunse dzina kapena satifiketi. Anaponya tepi yoyezera pansi nati, "Amene angandiuze kutalika kwa loleyi atole." Ena anaseka, ena anayamba kuwerenga mapazi. Ine ndinatola, ndinayeza, ndinanena. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6 pa mishoni, koma manambala sanandivutepo. Anandifunsa ngati ndimayankhula Chiyao. Ndinati amayi anga ndi Myao wa ku Lungwena, bambo ndi Mnyanja wa tchalitchi.

"Kwera," anatero.

Dzina langa ndine Matiyasi. Ndagwira ntchito ya zitsime ndi mijigo zaka zoposa makumi atatu. Palibe ringi imene ndinaumba ine inasweka.

Ringi ndi gudumu la konkire lotchinga m'kati mwa chitsime kuti chisagumuke. Umaiumba m'chikombole chachitsulo: simenti muyeso umodzi, mchenga iwiri, miyala inayi. Umatsindira ndi ndodo kuti musatsale mpweya. Umaithirira madzi sabata yathunthu usanaikhudze. Kunyanja kuno pansi ndi mchenga wokhawokha, ndiye sukumba dzenje kaye. Umakhazika ringi pansi, umalowa m'kati ndi fosholo yaifupi, umakumba, ringi n'kumatitimira yokha. Ikatitimira umasanjika ina pamwamba. Usanatsike m'mawa umatsitsa kandulo pa chingwe. Ikazima, usalowe. Anyamata a masiku ano amaseka zimenezi. Aseke.

Patapita miyezi ingapo anandichotsa pa fosholo n'kundipereka kwa injiniya wathu, a Mhango, kuti ndiziwagwirira tepi ndi kuwamasulira. Anali munthu wa kumpoto, wamng'ono thupi, wa magalasi, mawu awo ngati a mwana wa sukulu. Za pansi pa nthaka ankazidziwa. Akayang'ana mitengo ndi kutsetsereka kwa malo ankanena kuti madzi tiwapeza pa mamita mwakuti, ndipo tinkawapezadi. Koma akaima pamaso pa anthu, nzeru zonsezo zinkasanduka phala. Chichewa chawo chinali cha m'mabuku, chodzaza Chingerezi. Chiyao sankachimva n'komwe. Anandigulira chimkuzamawu cha mabatire kuti iwo akayankhula ine ndizifuula.

Chaka chimenecho mvula itangoyamba, matenda otsegula m'mimba anabuka m'mudzi wina kupitirira Lungwena. Dzina la mudziwo sinditchula. Anthu ake alipobe. Pakati pa mudzi, pafupi ndi mzikiti, panali chitsime chosazama chimene anthuwo anakumba okha kalekale. Madzi ake anali oyera, ozizira, okoma. Akumwa ankatunga pomwepo, amuna ankasambanso pomwepo asanalowe mumzikiti kukaswali, ndiko kupemphera kwawo. A Mhango anatenga madziwo m'timabotolo kupita nawo ku boma. Atabwera anati chitsimecho chitsekedwe, tibowole mjigo kumtunda, kuseri kwa munda wa chinangwa.

Kuti titseke pankafunika komiti ya chitsime ivomere. Wapampando wake anali Che Bwanali, mwini makoka awiri a chilimira ndi boti la injini. Theka la amuna a m'mudzimo linkapalasira iyeyo. Akatsokomola, msonkhano unkakhala chete.

Tinachita misonkhano itatu. Woyamba a Mhango anabwera ndi bolodi ndi choko. Anajambula nthaka ngati buledi wodulidwa pakati, chimbudzi uku, chitsime uku, mivi pakati. Anati madzi a pansi amayenda, ndipo chimbudzi chiyenera kutalikira chitsime mamita makumi atatu. Ine ndinafuula zonsezo m'Chiyao. Nkhalamba ina inafunsa, "Bwanayu analowa liti pansipo kukaona?" Anthu anagwa nacho chiseko.

Wachiwiri anabwera ndi botolo lalikulu lagalasi lodzaza mchenga. Anathira tiyi mbali imodzi, n'kuonetsa akudutsa kupita mbali inayo. Mayi wina anati, "Limenelo ndi botolo. Ife sitikhala m'botolo."

Wachitatu anakweza kapu ya madzi a pachitsimepo nati muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Che Bwanali anaimirira, anawalanda kapuyo, anaiyang'ana padzuwa, anamwa yonse. Anapukuta ndevu nati, "A injiniya, tizilombo tanuto n'tokoma. Mukapita kwanu mutitumizire tina." Ananenanso kuti matendawo anabwera ndi alovi, asodzi aganyu ochokera kutali, ndipo chitsime chimene anakumba makolo awo sichitsekedwa chifukwa cha zojambula za mwana wa sukulu. A Mhango anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Ine ndinachita manyazi kuima nawo pamodzi.

Sabata yomweyo mdzukulu wa Che Bwanali, kamtsikana ka zaka zinayi, kanatsegula m'mimba Lachitatu, Lachinayi kanamwalira.

Tikubwerera ku msasa kuchokera kumaliroko ndinawauza a Mhango kuti, "Bwana, anthu awa makutu alibe. Ali ndi maso okha." Kenako anatsegula bokosi lawo n'kutulutsa kachitini ka ufa wofiirira. Anati ndi utoto wotsatira madzi. Ukausungunula umasanduka wobiriwira kwambiri, suvulaza munthu, ndipo kadontho kamodzi kamaoneka ngakhale m'diramu lonse. Ukauthira m'chimbudzi, ngati madzi a chimbudzicho amafika pachitsime, utotowo ufikanso. Anati sankafuna kuugwiritsa ntchito pakati pa anthu. Ndinawafunsa kuti akudikira maliro angati.

"Chabwino," anatero. "Ukayeze zimbudzi zonse za kumtunda kwa chitsime. Ukathire m'chimene chili pafupi kwambiri. Upemphe kaye mwini wake."

Lolemba m'mawa ndinayeza. Zimbudzi zinali zinayi. Chapafupi kwambiri chinali cha njerwa, cha malata, mamita khumi kuchokera pachitsime. Chinali cha Che Bwanali. Pabwalo lake panali pakadali mphasa za maliro, amuna atakhala m'mizere, akuwerenga mapemphero. Ndinaima pa mpanda ndi ndowa yanga. Mmodzi wa alovi ake anandiyang'ana nati, "Ukufunanji, Mkhristu iwe?" Ndinati sindikufuna kanthu. Ndinakulunga tepi.

Chachiwiri chinali cha udzu, mamita makumi awiri. Mwini wake anali Abiti Saidi, mayi wamasiye amene ankalera zidzukulu ziwiri ndi geni ya mandasi. Ife a zitsime tinkamwa tiyi pakhonde pake m'mawa uliwonse, ndipo ine ankandiikira ndasi imodzi yapamwamba chifukwa amayi anga anali a mbumba yoyandikana ndi yake. Chimbudzi chake anakumba yekha, alangizi a zaumoyo atalalikira kuti nyumba iliyonse ikhale nacho. Ambiri m'mudzimo sanamvere. Ankapita kubango kapena kunyanja. Iye anamvera. Anaika ndi chivundikiro pabowo, ndi chigubu cha madzi osamba m'manja pakhomo.

Ndinamufotokozera. Sanamvetse zambiri. Anangofunsa, "Matiyasi mwananga, n'zothandiza ana?"

"N'zothandiza, amao."

"Thira."

Ndinasungunula ufawo m'ndowa ziwiri. Ndinathira pabowo, n'kutsatiza ndowa khumi za madzi kuti utsike. Ndinachita izi masana, anthu akuona, chifukwa a Mhango anati pasakhale chobisika. Ndinafuula pa chimkuzamawu kuti aliyense adziwe chimene tathira ndi pamene tathira. M'mawa ndi madzulo tinkapopa chitsime mpaka kutsala matope, kuti madzi atsopano akokedwe kuchokera m'mbali. Tikatero ndinkatunga m'beseni loyera n'kuyang'ana padzuwa.

Lachiwiri, mbee. Lachitatu, mbee. Amayi pachitsime anayamba kundiseka. "Matiyasi, alendo ako a pansi aja sanafike? Kapena aphonya basi?" Abiti Saidi nayenso ankaseka nawo. Anati chimbudzi chake n'chaulemu, sichiyendayenda. Lachinayi a Mhango sanadye. Ine ndinayamba kuganiza zoti ndibwerera ku fosholo.

Lachisanu dzuwa lili pafupi kufika pamutu, amuna anayamba kusonkhana pachitsime kuti asambe, alowe mumzikiti. Anali atavala mikanjo yoyera. Che Bwanali anafika, koyamba chiikire mdzukulu wake. Anthu anamupatsa njira. Anaponya yekha ndowa, anakoka, anathira m'manja.

Madzi anali obiriwira ngati ndulu. Ankawala padzuwa. Anadontha pa mkanjo wake n'kusiya mzere.

Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe, ndisaname. Ndinayang'ana a Mhango, iwonso ankamwetulira. Tinapambana. Ndinakwera pakhoma la chitsime ndi chimkuzamawu changa.

Che Bwanali anayang'ana manja ake nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa, "Izi zachokera kwa ndani?"

Sanafunse kuti zayenda bwanji. Misonkhano itatu tinkafuna afunse zimenezo. Anafunsa kuti kwa ndani. Ndipo aliyense ankadziwa, chifukwa ine ndinali nditalengeza ndekha Lolemba.

Ananyamula ndowa ija n'kuyenda mamita makumi awiri aja, anthu akumutsatira. Abiti Saidi anali pakhonde, beseni la mandasi otentha pamwendo, akudikira otuluka mumzikiti. Che Bwanali anakhuthulira ndowa yonse m'besenimo ndi pa iye yemwe.

"Mwana wanga wamwa manyi ako," anatero. "Ine ndakhala ndikusamba manyi ako n'kumakaima pamaso pa Mulungu."

Pamenepo mudzi unasweka. Mayi wina amene anaika mwana mwezi womwewo anagwira mpango wa Abiti Saidi n'kumuvula. Wina anafuula kuti n'chifukwa chake zidzukulu zake sizikufa. Linali bodza, kamdzukulu kamodzi kanagona kuchipatala sabata yathunthu, koma palibe anakumbuka. Alovi anathamangira ku lole yathu n'kutenga mapiki ndi mafosholo athu omwe. Chimbudzi cha udzu sichichedwa. Anagwetsa, anaponda chivundikiro chija, anaboola chigubu chosambira m'manja. Atatha anapitirira ku khitchini. Shehe wa pamzikitipo, nkhalamba yowonda, anaima pakati atakweza manja, akunena kuti mayiyu sanalakwire munthu, aope Mulungu. Anamukankhira pambali ngati bango.

A Mhango ankakuwa, koma mawu awo sankafika ngakhale pa mzere wachiwiri. Anandikoka buluku. "Matiyasi, auze! Si mayiyu! Ndi mchenga! Zimbudzi zonse zinayi zikulowa m'chitsime! Auze kuti chilichonse tikanathira zikanatuluka chimodzimodzi!"

Ndinawamva bwinobwino. Ndinayang'ana Che Bwanali, ndinayang'ana alovi ali ndi mapiki m'manja. Ndinadziwa kuti ndikanena zinayi, wina afunsa kuti zinazo n'za ndani, ndipo chapafupi n'cha ndani. Ndinadziwanso kuti kwa nthawi yoyamba anthu onse akhulupirira kuti chitsimecho n'choipa. Ndinakweza chimkuzamawu ndi kunena m'Chiyao:

"A injiniya akuti mwaona nokha. Mawa titseka."

Anthu anavomera ndi mkokomo.

Abiti Saidi anali pansi, madzi obiriwira akutsika m'tsitsi lake la imvi, zidzukulu zitamukakamira. Sanalire. Anandipeza ndi maso pamwamba pa anthu onse nati, "Matiyasi, unati n'zothandiza ana. Tawauza."

Ndinayankha pa chimkuzamawu, kuti onse amve kuti sindili mbali yake. "Mayi, tepi sinama."

Ndinatsika.

Loweruka tinathira mankhwala m'chitsime, tinakwirira ndi mchenga ndi miyala, tinaumba silabu pamwamba. Che Bwanali anatumiza alovi ake kudzatithandiza kusakaniza konkire. Tikudikira kuti igwire, ndinaona a Mhango atenga tepi yanga. Anakoka okha kuchokera pachitsime kukafika pa chimbudzi cha njerwa. Anawerenga. Anabwereza. Anabwera pamene ndinali.

"Unayeza ichi?"

"Ndinayeza, bwana."

"Mamita khumi."

"Khumi."

"Ndiye bwanji?"

"Mukanapita inuyo kukapempha pamaliro paja."

Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Ndinadikira kuti apite akauze anthu. Chimkuzamawu chinali pomwepo pa wilibala. Koma komiti inali itavomera kale malo a mjigo, ndipo makina obowolera ankabwera sabata yotsatira. Anakulunga tepi pang'onopang'ono n'kundibwezera. M'lipoti lawo analemba kuti anthu anamvetsa atawaonetsa. Akuluakulu a bungwe analikonda lipotilo. Ine anandikweza kukhala wothandizira kapitawo. A Mhango ndiwo anasaina.

Mjigo tinabowola mamita makumi anayi. Tinatsitsa mapaipi, silinda ndi marodi, ndodo zachitsulo zokokera madzi, tinamanga thandala ndi ngalande. Ntchito inali yabwino. Matenda anatha m'mudzimo. Zimenezo n'zoona ndipo palibe angandilande. Woyamba kupopa anali Che Bwanali, atavala mkanjo watsopano, amayi akululutira. Chimbudzi chake cha njerwa chinaimabe zaka zambiri.

Abiti Saidi komiti inamuletsa kutunga pamjigopo. Anati ndowa zake n'zodetsedwa. Ankapita kunyanja ndi zidzukulu, kumene kuli ng'ona ndi likodzo. Mandasi ake palibe anagulanso. Ana ankamutsatira akuimba za madzi obiriwira. Ife tinasintha pomwera tiyi. Ndikamapita ku mjigo ndinkazungulira njira ya kumunda kuti ndisadutse pakhonde pake. Mvula isanathe anamanga katundu n'kupita kwa mlongo wake cha ku Namwera. Nyumba yake anthu anaphwasula n'kugawana mitengo.

Ndinadzamuonanso kamodzi. Panali patapita zaka mwina khumi ndi zisanu, ine ndili kapitawo, ndikuyenda pa njinga yamoto ya ntchito. Ndinaima pa msika ku Mangochi. Anali atakhala pansi pafupi ndi ogulitsa makala, atakalamba kwambiri, patsogolo pake beseni la chinangwa chophika. Ndinamudziwa. Ndikanatha kudutsa. Ndinatsika, ndinagwada pang'ono, ndinamulonjera m'Chiyao. Ndinati ndigula beseni lonse.

Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa. Anatenga nsalu n'kuvundikira chinangwacho.

"Musagule, a Matiyasi," anatero. "Za ine zimapha ana."

Anatembenukira kumbali n'kuyamba kucheza ndi mnzake wa makala. Kenako ndinaliza njinga.

Amene amafunsa za ntchito imeneyi amaganiza kuti chovuta ndi thanthwe, kapena rodi yoduka pansi pa mjigo. Zimenezo n'zazing'ono. Thanthwe umalibowola, rodi umaiwedza ndi mbedza yachitsulo. Chovuta ndi kuuza munthu chinthu chimene sangachione. Ukamuuza, amaseka. Ukamuonetsa, amakhulupirira, koma safuna kudziwa za mchenga. Amafuna dzina. Ndipo dzina limene amalipeza ndi la munthu amene iwe unamuona kuti sangakukanize.

Utoto uja ndaugwiritsanso ntchito kambirimbiri, ku Makanjira, ku Nankumba, m'midzi ya kuseri kwa Makokola. Umagwira ntchito. Koma chichokere tsiku lija sindinathirenso m'chimbudzi cha munthu. Ndimayeza mtunda, ndimasankha malo a chabe pakati pa njira, ndimakumba dzenje langa mpaka mchenga wonyowa, anthu akuonerera. Ndimathira mmenemo. Madzi akabiriwira pachitsime, wina amafunsabe kuti zachokera kwa ndani. Amafunsa nthawi zonse. Ndimaloza dzenjelo. Dzenjelo lilibe mwini, lilibe zidzukulu.

Chaka chatha bungwe lina linandiitana, ngakhale ndinapuma, kuti ndiperekeze mainjiniya awiri ongotuluka kumene ku koleji. Anali ndi makompyuta ndi mapu a m'foni. Anthu anawaseka monga anasekera a Mhango. Ndinawauza za utoto, anasangalala. Nditawapatsa fosholo, mmodzi anati, "Madala, tivutikiranji ndi dzuwa lonseli? Chimbudzi si icho? Mayi wa nyumbayo ndi womasuka, sangakane."

Ndinayang'ana mayiyo. Anali pakhonde, akumwetulira, akutiwiritsira madzi a tiyi.

"Ndikudziwa kuti sangakane," ndinatero. "Kumba."